Tepi Yofiira Pakati pa Chipinda

Okondedwa Achemwali,

Landirani moni wochokera kuno kutali. Kodi muli bwanji inu ndi alamu anga, amuna anu? Bondo lija linkakuvutani mwezi watha lasiya kutupa? Nanga ana abwerera kusukulu, kapena akadali pakhomo kukusokosani tsiku lonse? Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli amoyo nonse. Ife kuno tilipo awiri, ine ndi Kadontho. M'thupi mulibe potipweteka.

Mudabwa kuona kalata pamene tinalankhulana pafoni Lamlungu lomweli. Pafoni ine ndimakhala munthu wina, Achemwali. Mukafunsa ndimati zili bwino, inu mumati ndilimbe mtima, ndiye timatsanzikana. Koma inu amene munandiphunzitsa kugwira pensulo mukudziwa kuti pakamwa panga ndi polemera, zoona zanga zimatulukira papepala. Choncho pezani pokhala, muwerenge mosathamanga. Kumapeto kuli chinthu chimodzi chimene ndikupempheni.

Ndiyambe ndi za kuno. Malamulo aja a mliri ayamba kuwafewetsa. Mabasi a m'tauni ayambiranso kuyenda, ngakhale mipando ina anaimanga zingwe kuti anthu asakhale mogundana. Mabasi a maulendo ataliatali okha ndiwo sanawalole. Sitolo yapakona yatsegula tsiku lonse, mzere wake sukufikanso kumsewu. Wometa uja sanabwerere. Pachitseko pake pakadali pepala limene analemba kuti atsegula pakatha milungu iwiri, ndipo dzuwa laliyeretsa mpaka zilembo sizikuonekanso. Tsitsi langali mukanaliona mukanandithamangitsa ndi lumo monga munkachitira kale.

Kulaibulale tatsegula theka la tsiku. Ine ndikadali m'kachipinda kanga kakumbuyo, kusoka ndi kumata mabuku ong'ambika. Buku likabwezedwa masiku ano sitiligwira. Timaliponya m'katoni, timalemba tsiku pamwamba, n'kudikira masiku atatu. Nzeru imeneyi ndinabweretsa ndine, tisanatseke n'komwe, ndipo abwana anandiyamikira pamaso pa anzanga onse. Ndinanyada kwambiri tsiku limenelo, mpaka ndinafotokozera anansi onse pamasitepe.

Tizovuta ting'onoting'ono sitisowa. Mpopi wa m'khitchini ukudontha, mwininyumba akuti wokonza akuopabe kulowa m'nyumba za anthu. Nsapato zonse za Kadontho zamuthina m'miyezi imene takhala osatulukayi. Mwana amakula ndithu ngakhale zonse zitaima. Ndaphunzira kuphika, koma mpunga wanga umatuluka wina wopserera wina wosapsa, mumphika umodzi womwewo.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera.

Papita milungu isanu ndi iwiri chiwaikireni m'manda amake Kadontho. Tsiku lija ndinakuimbirani kuti atisiya, munalira, kenako munafunsa ngati ndi mliri womwewu. Ine ndinangokhala chete, inu n'kumva ngati ndavomera. Munauza apongozi, apongozi anauza ena, nkhani n'kukhazikika. Achemwali, sunali mliri. Amake Kadontho analibe kachilombo ngakhale pang'ono. Ndinadziwa zimenezi asanamwalire n'komwe, ndipo sindinauze wachibale aliyense.

Mukudziwa ntchito yawo, yochapa nsalu za kuchipatala: zofunda, mapilo, zovala za odwala. Tonse titauzidwa kuti tikhale m'nyumba, iwo anali m'gulu la anthu oyenera kupitabe kuntchito. Ine laibulale itatsekedwa ndinatsala pakhomo ndi mwana, ndi nthawi yambiri yowerenga. Ndinawerenga chilichonse cholembedwa za matendawa. Ndinadziwa kuti kachilombo kamakhala maola angati pachitsulo, angati papepala, angati pansalu. Ndipo nthawi zonse ndikamawerenga ndinkamva chifuwa cha Kadontho chikulira pambali panga. Mukukumbukira mmene anabadwira, miyezi isanakwane, kamunthu kokwana m'manja awiri, mpaka inu n'kumupatsa dzina limeneli. Pano ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, koma chifuwa chake sichinalimbebe.

Nyumba yathu simunaione. Ndi chipinda chimodzi chachikulu pansanjika yachitatu, kakhitchini ndi kabafa pambali. Kopatulirako munthu kulibe. Ndiye ndinatenga tepi yofiira yansalu imene timamatira misana ya mabuku, ndinaimata pansi, kuyambira pakhomo mpaka pansi pa zenera. Mbali ina bedi, mbali ina matiresi a ine ndi mwana, tebulo ndi mabuku. Kapu yawo, mbale yawo ndi supuni yawo ndinazimatanso katepi kofiira. Kubafa tinkalowa mosinthana, ine pambuyo pawo ndi nsanza ya mankhwala.

Atabwera kuchokera kuntchito tsiku limenelo, amake Kadontho anaima pakhomo chikwama chili m'manja, anayang'ana tepi, anayang'ana ine, n'kufunsa ngati mwininyumba wagulitsa theka la chipinda osatiuza. Nditafotokoza, anati zikomo a Nduna ya Zaumoyo, tamva. Dzina limenelo linandikanirira. M'mawa ankati a Nduna mwadzuka bwanji uko kudziko lanu, kwathu kuno kunazizira. Chakudya ndinkawaikira pathireyi n'kukankha ndi mtengo wa tsache, iwo n'kumati ngakhale mkango wa m'chitsekero amaupatsa ulemu kuposa pamenepa. Nthawi zina ankatambasula mwendo, chala chachikulu n'kudutsa tepi pang'ono, n'kufuula kuti alonda a pamalire agona, Kadontho n'kumaseka mpaka kutsokomola. Koma sanakane. Anati ngati ndi za mwana, achita.

Chinthu chimodzi chokha ndicho anadandaula. Manja awo ankauma ndi kung'ambika chifukwa cha mankhwala ochapira, ndipo zaka zonsezi akaweruka ndinkawadzoza mafuta, chala chimodzichimodzi, iwo akundiuza miseche ya kuntchito. Tepi itabwera ndinawakankhira botolo kuti azidzola okha. Anati mafutawo ndi omwewo koma sakugwira. M'malo mwake ndinkawawerengera nkhani mokweza, ine uku iwo uko, ndipo ankati bola mawu a Nduna amawoloka opanda pasipoti.

Mwana ndiye anandivuta. Masiku oyamba ankaiwala, amayi ake akangolowa iye ali kale m'miyendo mwawo. Ndinamuuza mofatsa, sanamve. Tsiku lina ndinamugwira mapewa onse awiri, ndinamuyang'ana m'maso, ndinamuuza kuti akadzawoloka tepiyo, wina m'nyumba muno afa. Amayi ake anati a Nduna mwaonjeza, mawu amenewo si ouza mwana. Ine ndinati bola amve. Ndipo anamvadi.

Tinakhala choncho milungu isanu. Kenako Lolemba lina anabwera masana, ntchito asanamalize, thupi likutentha, akusanza, akuti m'mimba mukupota pamchombo apa. Ndisakunamizeni, penapake ndinali ngati mwana wa sukulu amene mayeso abwera ndendende pa zimene anawerenga. Ndinali nditawerenga kuti kwa anthu ena matendawa amayambira m'mimba. Ndinati ndi omwewo, masiku khumi ndi anayi ali paokha, tiyambe lero. Ndinatenga makadi akale a kulaibulale, ndinajambula mizere: tsiku, ola, kutentha kwa thupi, mpweya.

Lachiwiri ndinaimba nambala imene anatipatsa ya odwala mliri. Foni ya amake Kadontho inali itagwera m'madzi kuntchito, okonza mafoni onse atatseka, ndiye m'nyumba munali foni imodzi, yanga, ndipo lamulo langa linali lakuti foni siwoloka tepi. Mayi amene anayankha anagwira ntchito yake bwino, ndisamunamizire. Anapempha kuti alankhule ndi wodwala mwiniwake. Ine ndinati akupuma, zonse ndalemba, afunse ine. Anafunsa za mpweya, ndinamuwerengera manambala anga. Anafunsa ngati pali pena pomwe pakupweteka, ndinati m'mimba pang'ono, chifukwa cha kusanza. Amake Kadontho ali pabedi anakweza mawu, anati auzeni kuti kupweteka kwasamuka, kwatsikira kumanja kuno. Ine ndinawaletsa ndi dzanja kuti akhale chete, sindikumva bwino. Mayiyo anati mpweya ukayamba kuvuta, kapena chilichonse chikakula, tithamangire kuchipatala. Ine ndinamva za mpweya zokha. Nditadula foni ndinalemba ndithu pakona pa kadi: kupweteka kumanja.

Ndiye ndinakhala pampando, mbali yanga ya tepi, wotchi m'manja, kuwerenga bulangete likukwera ndi kutsika. Ndinkalemba, n'kuwauza kuti mpweya uli bwino kwabasi, tikupambana. Iwo anali atagona chammbali, mwendo wakumanja atapinda, osafuna ngakhale kutsokomola.

Lachitatu m'mawa anandiitana, osati a Nduna, koma bambo a Kadontho, ndipo m'mawu awo munalibe nthabwala. Anati ndibwere ndingoika dzanja apa, ndimve ndekha, chifukwa ichi sichikufanana ndi zimene ndimawawerengera. Magolovesi ndinali nawo, Achemwali, bokosi lathunthu. Masiki ndinali nawo. Kuchoka pampando kufika pabedi panali mapazi atatu okha. Ndinayamba kuwafotokozera za masiku khumi ndi anayi, za chifuwa cha mwana. Ndakhala ndikudziuza kuti ndinakana chifukwa cha Kadontho. Papepala pano ndinene zoona: ndinkadziopera ndekhanso. Ndinali nditawerenga zambiri za mmene anthu amafera ndi matendawa, ndipo sindinkafuna kufa choncho. Amake Kadontho anangoti anthu owerenga inu, n'kutembenukira kukhoma. Masana ake ndinapita kukaima pamzere wa kusitolo maola awiri.

Lachinayi anadzuka akuti kupweteka kwatha. Ndinalemba pakadi ndi zilembo zazikulu, ndinawomba m'manja, ndinawasendera malalanje awiri n'kukankha ndi mtengo wa tsache uja. Anadya kachidutswa kamodzi kuti andisangalatse.

Lachisanu thupi linatenthanso, mpweya unakwera pang'ono. Ndinayang'ana makadi anga, ndinati tione mawa. Loweruka m'mawa anayamba kulankhula zosokonekera, kundifunsa chifukwa chake sindinatulutse zofunda m'makina.

Khomo loyang'anana ndi lathu kumakhala mayi wosoka zovala, tonse timangomuti Mayi Telala. Anali mnzawo wa amake Kadontho, ndipo masiku amenewo ankasoka masiki. Anabwera kudzapachika athu pachitseko, anamva kubuula, anagogoda. Ndinatsegula pang'ono kuti ndimuuze kuti muno simulowedwa. Anandikankha ndi phewa. Anati chokani apa bambo inu, mwamuika munthu m'katoni ngati mabuku anu aja? Anaponda tepi yanga ndi masilipasi, anagwada pambali pa bedi, anaika dzanja pamimba. Amake Kadontho anakuwa. Mayi Telala anatembenuka, anati ichi si chifuwa ichi, mimba yauma ngati thabwa, itanani ambulansi msanga musanayambe kundiwerengera buku. Dzanja limodzi, Achemwali, la munthu amene sukulu anaisiyira panjira. Siinakwane ngakhale mphindi.

Anawatsitsa pamasitepe ndi machira. Ine ndinkatsatira pambuyo, ndipo tili pansi ndinazindikira kuti ndasiya mpata wa mamita awiri pakati pa ine ndi machirawo. Miyendo inali itazolowera yokha. Asanatseke chitseko cha ambulansi maso awo anayera pang'ono, anandiona, anati a Nduna, ndatuluka m'dziko lanu opanda pasipoti. Amenewo ndiwo mawu omaliza amene anandiuza. Kuchipatala achibale sankaloledwa kulowa.

Lamlungu masana dokotala anaimba. Anati awayeza kawiri, kachilombo alibe. Chimene chinavuta ndi kathumbo kakang'ono kaja amati apendikisi. Kanatupa, kanaphulika, mafinya n'kufalikira m'mimba monse mpaka kulowa m'magazi. Anawachita opaleshoni, koma thupi linali litafooka. Ndinafunsa ngati tinachedwa. Anangoti masiku ano ambiri akufika mochedwa, ndisadziweruze. Lolemba m'mawa anaimbanso.

Popeza dokotala anandichitira chifundo, yankho ndinadzifunira ndekha. Pashelefu panga pali buku lakale la zachipatala limene laibulale inataya, ine n'kulisoka ndi manja angawa. Ndinalitsegula. Zonse zinali mmenemo, motsatana: kupweteka koyambira pamchombo n'kutsikira kumanja, mwendo wopinda, kupweteka kumene kumaleka mwadzidzidzi kathumboko kakaphulika. Ndinaika makadi anga pambali pa tsambalo. Zinali zofanana, mzere ndi mzere, m'zilembo zangazanga. Tsiku limene ndinawomba m'manja ndi kusenda malalanje ndilo tsiku limene kanaphulika. M'munsi mwa tsambalo munali chithunzi cha dzanja likusindikiza pamimba. Bukulo linali pashelefu, mbali yanga ya tepi, masiku onsewo.

Kumanda tinali anthu khumi, monga mwa lamulo. Popeza analibe kachilombo, a kumochale anandilola kuwaona asanatseke bokosi. Ndinawagwira pamphumi. Kanali koyamba kuwakhudza patatha milungu isanu ndi umodzi.

Apongozi ataimba, ine ndinkadikira kuti andifunsa. M'malo mwake anandithokoza. Anati bambo, mukanapanda inu ndi nzeru zanu tikanaika awiri, mdzukulu wanga mwamupulumutsa ndinu. Anatemberera ntchito yochapa ija. Amalume a Kadontho mpaka pano akulemba kalata yodandaula kwa mabwana a kochapirako, akuti sanawapatse zodzitetezera zokwanira, ndipo anandipempha kuti ndiwakonzere mawu popeza ndine wa mabuku. Ine ndinati nditumizireni. Mayi Telala yekha ndiye amadziwa. Amabweretsera mwana chakudya, ine sandipatsa moni. Anangondiuza kamodzi pamasitepe kuti iye pakamwa watseka, koma ndione kuti bodza limeneli ndiligoneka pati, chifukwa m'chipinda chimodzi mulibe malo.

Ndinkaganiza kuti bodzali likulemera ine ndekha.

Chichokereni kumanda, Kadontho anakana kuti ndichotse tepi. Bedi lili pomwepo, loyalidwa, palibe wogonapo. Tonse tikadali pamatiresi pansi, iye kumapeto kwenikweni, nkhope kukhoma. Sankalola kuti ndimugwire, ngakhale kumupesa. Amasamba m'manja kambirimbiri mpaka khungu lang'ambika pakati pa zala. Ine ndinati ndi chisoni, ndinawerenga za chisoni cha ana, mabuku anati ndimupatse nthawi.

Lachitatu lapitali masana ankajambula patebulo. Pensulo inagwa, inagubuduka, inawoloka tepi n'kukaima pansi pa bedi. Ndinati katole. Mwana anauma. Kenako anayamba kulira kopanda mawu. Ndinakhala pansi pafupi naye, osamugwira, mpaka anayamba kulankhula.

Akuti tsiku lija ndinapita pamzere wa kusitolo, amayi ake ankalira motsitsa, iye analephera kupirira, anawoloka. Anakwera pabedi, anagona pambali pawo. Bondo lake linagunda mimba, amayi ake anakuwa, ndipo akuti mimbayo inali yotentha ndi yolimba. Koma anamukumbatira ndithu, anamununkhiza m'mutu, anamuimbira pang'ono. Atamva mapazi anga pamasitepe anamukankha kuti abwerere, anamunong'oneza kuti usawauze a Nduna, angatitsekere tonse m'ndende. Ndiye anandiyang'ana, Achemwali, mwana wa zaka zisanu ndi zitatu, anati Ababa, munati ndikawoloka wina afa. Ndinawoloka. Amama ndinawapha ndine.

Milungu isanu ndi iwiri wakhala atasenza zimenezi, pamatiresi amodzi ndi ine, pamene mawu omumasula anali m'kamwa mwangamu.

Ndinamuuza zonse, monga ndakuuzirani inumu. Ndinatsitsa buku lija, ndinamuonetsa chithunzi. Ndinamuuza kuti kathumboko kanayamba kutupa iye asanawoloke, kuti amayi ake analibe matenda opatsirana, kuti mwa ife awiri mmodzi yekha ndiye anachita zoyenera sabata imeneyo, ndipo ndi iyeyo. Mafunso ake anali ochepa. Anafunsa ngati ndiye kuti akanatha kugona ndi amayi ake masiku onse aja. Ndinati inde. Anafunsa ngati ndikanawatengera kuchipatala iye akanandiuza kuti mimba yalimba. Ndinamukumbutsa kuti amayi ake anali atandiuza kale m'mawa womwewo, iye akumva, ndipo ine sindinamve, akanandiuza ndikanangomukalipira. Kenako anafunsa kuti nanga inuyo bwanji simunawagwire. Ndinati ndinkaopa. Anati inenso ndinkaopa.

Masiku awiri sanandilankhule. Akafuna kanthu ankapita kwa Mayi Telala, amene ankabwera kudzandiuza kuti mwana wanu akuti sopo watha, iye ataima kumbuyo kwake. Sindinamukakamize.

Loweruka ndinamupeza atakhala pansi pakhomo, akutokosa kumapeto kwa tepi ndi chikhadabo. Tepi imeneyi sichoka msanga, anaipanga kuti igwire buku zaka makumi. Ine ndimadziwa mochotsera: umaitenthetsa pang'ono ndi simbi, imanyamuka yonse kamodzi. Nditayamba kufotokoza anati musakhudze, ndichotsa ndekha. Ndinatseka pakamwa. Tsiku lililonse amamatula pang'ono n'kusiya. Pomwe yachoka pakutsala mzere wakuda womatamata. Lero wafika pafupi ndi mwendo wa tebulo limene ndikulemberapoli.

Dzulo titatha kudya anapita pakabati, anatenga botolo la mafuta lija la amayi ake, anandiikira patsogolo. Anatambasula dzanja limodzi, nkhope atayang'ana kuzenera. Ndinamudzoza chala chimodzichimodzi. Linalo anabisa kumbuyo, ndipo sindinalipemphe.

Pempho langa ndi ili. Lamlungu lililonse Kadontho amalankhula ndi agogo ake pafoni. Lamlungu lapitali anakana foni, pambuyo pake n'kundifunsa kuti agogo akayamba za mliri iye aziyankha chiyani. Sindimusenzetsanso chinsinsi china. Apongozi ayenera kudziwa, ndipo mawu ake ayenera kukhala anga. Ndikanabwera ndekha, koma mabasi aatali sanayambe, ndipo nkhani iyi si youza pafoni mayi wokalamba amene ali yekha m'nyumba. Maso awo sawerenganso. Choncho, Achemwali, mutenge kalatayi, mupite nayo, mukawawerengere inu.

Ndikukudziwani. Mudzafuna kudumpha pena, kusalaza pena, monga munkachitira ndikaswa kanthu kunyumba inu n'kunena kuti ndi mphepo. Musatero. Muwerenge zonse, za foni, za magolovesi, za malalanje. Amalume a Kadontho akhalepo, ndipo kalata yawo yodandaula ija aisiye, anthu a kochapirako alibe mlandu. Akakwiya musandiikire kumbuyo. Akanena kuti sindiyenera kulera mdzukulu wawo, mundiuze monga mmene anenera. Zimenezo ndikuziopa kuposa china chilichonse, koma ndidzabwera kudzayankha pamaso pawo basi yoyamba ikangololedwa kunyamuka.

Ndipo mukakafika musakhale pampando wapatali. Musambe m'manja, muvale masiki, zonsezo n'zabwino. Sindikunena kuti malamulo aja anali oipa, anthu ambiri ali moyo chifukwa cha iwo, ndipo palibe lamulo limene linandiletsa kumvera mkazi wanga. Koma mukafika pa Lachitatu lija m'mawa, muwagwire dzanja, ndipo musalisiye mpaka kalata ithe.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti mawu awo a tsiku lija anandilimbitsa ngakhale sindinali woyenera. Moni kwa ana onse, wamkulu uja ndi mapasa, muwauze kuti mabuku awo ndawasungira. Moni kwa amalume athu ndi akazi awo, ndi kwa asuweni onse amene anaimba foni. Kadontho akuti moni kwa azakhali ake, ndipo akuti ndikuuzeni kuti phazi lake tsopano latsala pang'ono kufanana ndi lanu. Kwa apongozi musayambe ndi moni wanga. Mukamaliza kuwerenga, ngati adzalola kuulandira, mudzawapatse.

Ndisiyire pano. Mwana waima pambali panga, akuti ndisunthe tebulo, likupondereza tepi.

Ndine mlongo wanu wamng'ono,
Wamabuku